Kodi Tate Abise Kufooka Kwace kwa Mwana?

Pali funso limene amuna sakonda kulifunsa pabwalo, koma yense wobala ana amagona nalo usiku wina. Funsolo ndi ili: tsiku limene nkhokwe yatha, kapena nchito yalandidwa, kapena manyazi agwera mwini nyumba, kodi tate acite ciani pamaso pa mwana wace? Abise, kuti mwana agone mtima uli m'malo? Kapena aulule, kuti mwana adziwe dziko monga liri? Ambiri a ife tinaleredwa ndi atate amene sitinaone misozi yao ngakhale pa maliro, ndipo tinayesa kuti umo ndimo cikhalira cikondi ca mwamuna. Mwezi uno tifuna kulingalira nkhaniyi pamodzi, ndipo mboni zathu tizitenga m'kanema.

Kapena wina adzati, kanema ndi masewera cabe, angatiphunzitse ciani? Koma makolo athu anaphunzitsa ana ao ndi nthano za kalulu ndi fisi, ndipo panalibe woyesa kuti kalulu analankhuladi. Nthano imaika mlandu wa munthu patali pang'ono, kuti tiuweruze opanda mantha, ndipo titaweruza tizindikira kuti mlanduwo ngwathu. Mwa akanema ambiri onena za atate ndi ana ao tasankha anai amene tiwakonda koposa: awiri a ku Italy, mmodzi wa ku America, ndi mmodzi wojambulidwa m'dziko la Malawi. Onse anai aonetsa tate ali m'tsoka, mwana wace ali pambali pace nayang'ana.

Tiyambe ndi tate amene anabisa. M'caka ca 1997 Roberto Benigni anapanga kanema wochedwa La vita è bella, ndiko kunena kuti moyo ngwokoma, ndipo iye mwini anasewera ngati tateyo. Nkhani yace iyambira m'mudzi wa Arezzo m'caka ca 1939. Guido, Myuda wokonda nthabwala, akwatira mphunzitsi dzina lace Dora, nabala mwana wamwamuna, Giosuè. Pofika nkhondo yaikuru yaciwiri, asilikari a Germany agwira Guido ndi mwanayo nawakweza sitima ya pamtunda kunka nao ku ndende zija zimene Ayuda anaphedwamo. Pakuti m'zaka zimenezo anaphedwa Ayuda monga 6,000,000. Dora sanali Myuda, koma anakwera sitimayo mwa kufuna kwace.

Atafika m'ndende, Guido anauza mwana wace kuti zonsezi ndi masewera. Wopeza malikisi 1,000 poyamba adzalandira kasinja wa nkhondo weniweni. Wolira, wofuna amace, kapena wopempha cakudya, amcotsera malikisi. Wobisala bwino osaoneka kwa asilikari amuonjezera. Tsiku lonse tateyo anasenza zitsulo zolemera, ndipo madzulo anabwera ali wefuwefu, koma anasekabe nauza mwana malikisi amene apata tsiku limenelo. Usiku wotsiriza anambisa m'bokosi lacitsulo. Pamene msilikari anamgwira kunka naye kukamupha, anadziwa kuti mwana alikusuzumira pa kaboo, ndipo anayenda kayendedwe koseketsa, namtsinzinira diso. Anaphedwa kuseri, mwana osaona. M'mawa mwace kasinja wa asilikari a America analowa m'ndendemo, ndipo mwanayo anayesa kuti mphotho yace yafika.

Kodi tidzamucha Guido wabodza? Ananenadi zosaona tsiku ndi tsiku. Koma taonani cimene anabisa: anabisa coipa cimene mwana wamng'ono sakadatha kucisenza, ndipo kucidziwa sikukadampulumutsa. Mwana akadacita mantha akadalira, ndipo akadalira akadapezeka. Tsono bodza la tateyo linali ngati cikopa. Ena anadzudzula kanemayu kuti wapeputsa zoopsa za ndende zija, ndipo mau ao ali nako kulemera, pakuti ana ocuruka anafa m'menemo ngakhale atate ao anawakonda monga Guido. Koma Benigni anasimba kuti atate ace enieni anakhala zaka ziwiri m'ndende ya Ajeremani, ndipo atabwerako anasimbira ana ao zowawazo mwa nthabwala, kuti asawaopse. Kubisa kotere atate akudziwa m'maiko onse.

Comweco tionanso m'kanema wa ku America wa caka ca 2006, The Pursuit of Happyness, wotengedwa pa moyo wa Chris Gardner, m'mene Will Smith anasewera pamodzi ndi mwana wace weniweni, Jaden. Nkhaniyo icitika m'mudzi waukuru wa San Francisco m'caka ca 1981. Tateyo alikuphunzira nchito yopanda malipiro, apitikitsidwa m'nyumba cifukwa ca ngongole, ndipo usiku wina asowa pogona ponse. Pomwepo auza mwana kuti abwerera ku nthawi zakale za zirombo zazikuru, ndipo ayenera kubisala m'phanga. Phangalo ndilo cimbudzi ca pa siteshoni ya sitima. Mwana agona pa miyendo ya atate wace. Munthu agogoda kunja. Tateyo atsekereza citseko ndi phazi, misozi iri cucucu, osaturutsa liu. Ndani wa ife sanaone mai kapena tate wonena kuti, idyani ana, ine ndadya kale, m'mimba muli gwaa?

Tibvomereze tsono kuti kulipo kubisa kwa cikondi. Mwana wa zaka zisanu sasenzetsedwa mtolo wa nkhuni wa munthu wamkuru, ndipo sayenera kusenzetsedwa mantha a munthu wamkuru. Koma tipenyetsetse. Atate awiriwa anabisa tsoka locokera kunja, nkhondo ndi umphawi, ndipo pobisapo anadziyandikiza kwa mwana. Guido sanasiye mwana wace kuti asaone usiwa wace. Gardner sanapereke mwana kwa ena kuti iye asacite manyazi. Anaphimba maso a mwana, koma dzanja lao linali m'dzanja lace. Apa ndipo pagona nkhani, pakuti kulinso kubisa kwina kumene kufanana nako kunja kokha, ndiko kubisa kwa mwamuna wosunga ulemu wace.

Kuti tione kubisa kwaciwiriku tibwerere ku Italy, ku kanema wakale wa caka ca 1948, Ladri di biciclette, ndiko kuti Akuba Njinga, wopangidwa ndi Vittorio De Sica. De Sica sanafune akatswiri a masewera. Wosewera ngati tate, Lamberto Maggiorani, anali munthu wa nchito wa m'fakitale, ndipo mnyamatayo, Enzo Staiola, anali mwana wamba wa m'mudzi wa Rome. Nkhondo itatha, nchito zinasowa. Antonio Ricci apeza nchito yomata mapepala a malonda pa makoma, koma nchitoyo ifuna njinga, ndipo njinga yace anaipinyolitsa kale kuti agule cakudya. Mkazi wace Maria acotsa nsalu za pakama nakazipinyolitsa, ndipo aombola njingayo. M'mawa mwace Antonio aturuka mokondwa ndi mwana wace Bruno, amene ngakhale ali wamng'ono agwira nchito pa malo omwetsa petulo. Tsiku loyamba lomwelo, ali pa makwerero, mnyamata wina akwera njinga nathawa nayo.

Kuyambira pamenepo tate ndi mwana ayendayenda m'misika ndi m'miseu ya Rome kufuna njinga. Apolisi alemba mlandu, koma sacitapo kanthu. Mtima wa Antonio uyamba kuwawa, ndipo pamene Bruno anena mau omdzudzula pang'ono, ammenya khofi. Mwanayo ayenda patali ndi atate wace, osafuna kuwayandikira. Pambuyo pace Antonio amva anthu akupfuula kuti mwana wamira m'mtsinje, nathamanga ali njenjenje. Apeza kuti si Bruno, ndipo pofuna kumpepesa amlowetsa m'nyumba yodyeramo, naononga ndalama zimene sakadayenera kuononga. Apeza wakubayo, koma anansi ace amcinjiriza, ndipo popanda mboni mlandu ufa.

Tsono madzulo, pafupi ndi bwalo la mpira, Antonio aona njinga yotsamira pa khoma popanda mwini. Ayenda uku ndi uku, mtima uli pawiri. Ndipo asanacite cimene walingalira, apatsa Bruno ndalama namuuza akwere galimoto apite. Taonani, abale, uku ndiko kubisa kwaciwiri. Sacotsa mwana kuti amteteze ku coopsa; amcotsa kuti asaone atate wace ali kuba. Koma Bruno acedwa, galimoto imsiya, ndipo potembenuka aona atate wace akupalasa njinga yakuba, khamu likuwathamangira. Awagwira, awagwetsa, awamenya makofi, cipewa cao cigwa m'pfumbi. Mwanayo alowa pakati pa anthu akulira, natola cipewaco. Mwini njinga ayang'ana nkhope ya mwana, ndipo ati amleke apite.

Kanemayo atha motere: awiriwo ayenda m'khamu, tate alikulira ndi manyazi, ndipo Bruno akweza maso nagwira dzanja la atate wace. Njinga sinapezeke, nchito yatayika, ndipo za mawa palibe adziwa. Koma cimene Antonio anaopa koposa, kuti mwana akamuona atagwa adzamnyoza, sicinacitike. Mwana amene anafuna kumcotsa ndiye anampulumutsa ku ndende, ndipo ndiye yekha m'mudzi wonsewo amene anamgwira dzanja. Sitinena kuti kuba kunakoma; Antonio analakwa, nacitira munthu wina coipa comwe cinamliza iye. Koma tiphunzira kuti cikondi ca mwana sicimangidwa pa kusalakwa kwa tate. Bruno anayenda naye tsiku lonse, naona thukuta lace, nadziwa cimene cinamfikitsa pamenepo. Mwana woyenda ndi atate wace akhoza kuwakhululukira zambiri. Amene sakhoza kukhululuka msanga ndiye mwana wosiyidwa, wosadziwa cifukwa.

Kwatsala kufooka kwa mtundu wacitatu, ndipo kapena ndiko kobvuta koposa kwa mwamuna: kubvomera kuti mwana wadziwa cimene iye sadziwa. Ici ticiona m'kanema wa kwathu, The Boy Who Harnessed the Wind, wa caka ca 2019. Anampanga Chiwetel Ejiofor, amene anaseweranso ngati tate, ndipo anamjambula m'Malawi momwemo, mau ambiri ali m'Cicewa. Nkhani yace njocokera m'buku la William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, limene analemba ndi Bryan Mealer m'caka ca 2009. Akuru onse akumbukira njala ya 2001 ndi 2002, pamene cimanga cinasowa ndipo mabanja anadya kamodzi patsiku. William anacotsedwa sukulu posowa ndalama, koma anawerengabe mabuku a m'nyumba ya mabuku, napezamo cithunzi ca makina oyendera mphepo.

Monga kanemayo asimba, mnyamatayo apanga kamakina kakang'ono koyesera, ndipo kagwira nchito. Pomwepo apempha atate wace njinga yao, kuti aidule apange makina akuru okoka madzi m'citsime, anthu alime m'cilimwe. Pano njinga yabweranso, monga ku Rome, ndipo ndiyo cuma cotsiriza ca banja. Tateyo akwiya, aphwanya kamakinako, nauza mwana agwire khasu. Tisafulumire kumweruza. Munthu amene walima moyo wace wonse, ana ace alikuonda pamaso pace, kodi apereke njinga yace idulidwe cifukwa ca cithunzi ca m'buku limene iye sanawerenge? Kukana kwace kunali ndi nzeru yace. Koma pansi pa nzeruyo panali bala: iye analephera kudyetsa banja, ndipo tsopano kamwana kace kati kadziwa njira. Mkazi wace ndiye amlankhula mau owawa koma oona, ndipo potsiriza tateyo apereka njinga, nathandiza ndi manja ace kumanga makinawo. Madzi aturuka, ndipo mbeu zimera.

Tinene poyera kuti opanga kanema anasintha zina: makina oyamba amene William anamanga m'caka ca 2002, ali ndi zaka 14, anali oyatsa magetsi m'nyumba, ndipo okoka madzi anadza pambuyo. Koma njinga ya atate wace inalowadi m'makina oyambawo. Ndipo cimene kanemayo aonetsa ncoona m'midzi yonse m'mene ana aphunzira zimene makolo sanaphunzire. Timati mau a akuruakuru akoma akagonera, ndipo mwambiwo ngwoona. Koma makolo omwewo anatinso nzeru za yekha anabviika nsima m'madzi. Tate wopereka njinga uja sanacepe pamaso pa mwana wace. Tsiku limene anabvomera kuti sadziwa ndilo tsiku limene anapatsa mwana cinthu coposa njinga, ndico kumkhulupirira.

Tsono tiyankhe bwanji funso lathu? Tiyesa kuti muyeso wace ndi uwu: tate pofuna kubisa kanthu adzifunse, kodi ndibisira yani? Ngati abisa kuti mwana wamng'ono asasweke mtima ndi cinthu composa msinkhu, ndipo iye mwini akhala pomwepo kusenza mtolowo, acita bwino, ndipo mwana atakula adzamlemekeza monga Giosuè, amene m'kanemamo asimba nkhaniyo ali wamkuru, wodziwa tsopano cimene atate wace anamcitira. Koma ngati abisa kuti nkhope yace isagwe, kubisako nkwa iye mwini, ndipo mwana ndiye alipira. Cizindikiro cace ncosabvuta: kubisa kwa cikondi kuyandikiza tate kwa mwana, ndipo kubisa kwa manyazi kumtalikitsa.

Nkhaniyi siiri ya m'kanema mokha. Kuyambira masiku a migodi ya Johannesburg ndi minda ya fodya ya dziko limene lero lichedwa Zimbabwe, amuna a kuno akhala akunka kutali kukafuna ndalama, ndipo ena sanabwerere; timawacha machona. Si onse anaiwala ana ao. Alipo amene nchito inawathera, ndalama sanasunge, ndipo anati, ndidzabwerera bwanji manja lendelende, anzanga atabwera ndi njinga ndi malata? Analeka kulemba kalata caka cimodzi, kenaka ziwiri, ndipo manyazi anakula ndi zaka kufikira njira ya kwao inamera udzu. Iwo anayesa kuti mwana afuna katundu. Koma funsani amene anakula osaona atate ao, ngati akadakana kuwalandira atabwera ndi malaya amodzi okha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo pofa inasiya ana amasiye atate ao ali moyo.

Ndipo munthu akhoza kuchona ali m'nyumba yace yomwe. Alipo atate amene cimanga cikacepa asanduka aukali, kuti ana aope kufunsa. Alipo amene alakwira mwana, monga Antonio ndi khofi lija, nadziwa kuti alakwa, koma mau akuti pepa awakanika pakhosi kufikira imfa. Alipo amene atonza mwana wobwera ndi nzeru za kusukulu, cifukwa aopa kuoneka osadziwa. Onsewa ayesa kuti asunga ulemu wao. Koma ana ali ndi maso. Aona nkhokwe, amva zonong'ona za usiku, adziwa tsiku limene atate alakwa. Cimene tate wotere abisa si tsoka lace, pakuti mwana waliona kale. Abisa mtima wace wokha, ndipo mwana akula wodziwa mabvuto a atate wace koma osadziwa atate wace.

Wina adzatsutsa kuti, mwana akaona atate wace ali ofooka, mwambo udzatha m'nyumba. Mau awa tisawataye, pakuti kulipo kuulula koipa: tate wodandaula kwa ana tsiku ndi tsiku, wowasenzetsa ngongole zace, wowayesa anzace a pa mowa. Ameneyo wasandutsa mwana kholo lace, ndipo walakwa. Komanso msinkhu uli ndi malo ace: cimene cibisidwa kwa mwana wa zaka zisanu ciyenera kuuzidwa kwa mnyamata wa zaka 14, pakuti m'mera mpoyamba, ndipo wosaphunzira kusenza coonadi ali wamng'ono adzaphunzira liti? Koma kunena kwa mwana wako kuti, caka cino zatibvuta, koma ndiri pano. Kapena, dzulo ndinakulakwira. Kapena, ici sindicidziwa, tandionetsa. Mau otere sanapasulepo nyumba. Mwana aphunziramo kuti mwamuna akhoza kugwa osathawa, ndipo tsiku lace la kugwa likadzafika, pakuti lidzafika, adzadziwa njira yobwerera kwao.

Cifukwa cace, atate anzathu, tiphimbe maso a ana ang'ono pa zoopsa za dziko monga tikhoza, koma tisadzibise tokha kwa iwo. Ndipo ngati mau awa afika kwa wina amene ali kutali, wakhala zaka osatumiza mau kwao cifukwa alibe cotumiza, atumize mau okhawo mwezi uno. Ana inunso amene mwakula, ngati atate anu abwera opanda kanthu m'manja, muwayalire mphasa.